Momwe Mungadziwire Mafuta Enieni Amene Saluni Imamwa mu Harare

Pafupifupi aliyense amene adagulapo galimoto yochokera ku Japan muno mu Harare adakumanapo ndi vuto limodzi. Pa tsamba la ogulitsa padalembedwa kuti galimotoyo imayenda makilomita 19 kapena 23 pa lita imodzi, koma ikayamba kunyamuka ku Mufakose kapena ku Mabvuku m'mawa uliwonse kupita m'tauni, singano ya mafuta imatsika ngati thanki yabooka. Ena amathamangira kwa makanika kukasinthitsa mapulagi amene analibe vuto, ena amaimba mlandu othira mafuta, ndipo ena amangoigulitsa motchipa n'kugula ina imene ikumwa chimodzimodzi. Nambala ya m'kabuku ka galimoto idapezeka m'nyumba yoyesera ya dziko lina, choncho nambala imene ingakuthandizeni pogula kapena pokonza bajeti muyenera kuipeza nokha, ndi cholembera, m'misewu imene mumayendamo.

Malangizowa ndawalemba poganizira saluni za banja zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Toyota Corolla Axio, Premio, Allion, Nissan Sylphy, Honda Grace ndi Mark X. Mabanja ambiri amazikonda pa zifukwa zomveka: buti yake imatsekeka payokha moti wodutsa saona katundu, anthu asanu amakhala bwinobwino, zipangizo zake zimapezeka mosavuta ku Kaguvi Street ndi ku Gazaland, ndipo popeza thupi lake ndi lalifupi msinkhu, silimbana kwambiri ndi mphepo pa msewu waukulu ngati galimoto zazitali. Njira yake ndi yomweyo ngakhale galimoto yanu ndi ya mtundu wina.

Zofunika kukhala nazo

- Kabuku kakang'ono ndi cholembera, zosachoka m'galimoto.
- Foni yokhala ndi powerengetsera masamu komanso mapu osonyeza mtunda.
- Geji yanuyanu yoyezera mpweya wa m'matayala, chifukwa za pa malo othirira mafuta zambiri zidatopa ndipo sizigwirizana.
- Ndalama zokwanira kudzadza thanki kanayi pa milungu itatu kapena inayi. Apa ndi pamene ambiri amagwera mphwayi, koma kumbukirani kuti mafutawo mudzawagwiritsabe ntchito.
- Malo amodzi othirira mafuta amene muli nawo pafupi, okhala ndi pansi posapendekeka.
- Ngati galimotoyo simunaigule, nambala ya chasisi, chaka chimene idapangidwa ndi dzina la injini yake.

Gawo loyamba: kuwerenga nambala ya ogulitsa

1. Pezani dzina la muyeso umene nambalayo idachokera.

Pambali pa nambala ya makilomita pa lita pamakhala zilembo zing'onozing'ono zimene ambiri saziona. Ku Japan galimoto zakale zinkayesedwa ndi muyeso wotchedwa 10-15, kenako cha mu 2011 kudabwera JC08, ndipo kuyambira mu Okutobala 2018 mitundu yatsopano imayesedwa ndi WLTC. Popeza boma la Zimbabwe lidaletsa kulowetsa galimoto zopitirira zaka khumi, zambiri zimene anthu akuitanitsa tsopano zili ndi nambala ya JC08 kapena ya WLTC, pamene zambiri zogulitsana pamanja muno zili ndi ya 10-15 kapena ya JC08.

Muyeso wa JC08 umatenga pafupifupi mphindi 20. Galimoto imaima pa makina ozungulitsa matayala m'nyumba, AC (choziziritsira m'galimoto) ili yozimitsidwa, ndipo imayenda mtunda wongopitirira pang'ono makilomita 8, liwiro lake lalikulu osafika ngakhale makilomita 82 pa ola. Mulibe maenje, mulibe thumba la ufa m'buti, mulibe kombi yoima mwadzidzidzi patsogolo panu. Ndi mmene Axio ya haibulidi (yoyendera petulo pamodzi ndi magetsi a batire lalikulu) ya 2013 idapezera makilomita 33 pa lita, Premio ya injini ya 1.5 n'kupeza 19.2, ndipo Mark X ya 2.5 n'kupeza 11.8. WLTC ili pafupiko ndi zenizeni, ndipo ubwino wake ndi woti imapereka nambala zitatu zosiyana: ya mumzinda, ya m'mbali mwa mzinda ndi ya pa msewu waukulu. Ngati moyo wanu ndi wa pakati pa Highfield ndi m'tauni, yang'anani ya mumzindayo, imene nthawi zambiri imakhala yotsika pa zonse.

Chenjezo: musayerekeze galimoto ziwiri zimene nambala zake zidachokera ku miyeso yosiyana. Galimoto yomweyomweyo imaoneka yosamwa mafuta pa 10-15, n'kutsikako pa JC08, n'kutsikanso pa WLTC, injini isanasinthe chilichonse.

2. Sinthani nambala zonse zikhale m'chiyankhulo chimodzi.

Galimoto za ku Japan zimalembedwa makilomita pa lita, za ku South Africa malita pa makilomita 100, ndipo za ku UK ndi ku America mamailosi pa galoni, zimene amafupikitsa kuti mpg. Kuti muchoke pa malita pa makilomita 100 kupita pa makilomita pa lita, gawani 100 ndi nambalayo: malita 8 pa makilomita 100 ndi chimodzimodzi makilomita 12.5 pa lita. Pobwerera mumachitanso chimodzimodzi.

Pa mpg pali msampha. Galoni ya ku UK ndi malita 4.546 pamene ya ku America ndi malita 3.785, ndiye mpg ya ku UK muichulukitse ndi 0.354, ya ku America ndi 0.425. Galimoto yolembedwa 45 mpg ku London ndi ya makilomita 15.9 pa lita, koma 45 mpg ya ku America ndi 19.1. Munthu woitanitsa Mercedes kuchokera ku UK akawerengetsa ndi nambala ya ku America amadzilonjeza makilomita atatu pa lita iliyonse amene sadzawaona.

3. Tsimikizani kuti nambalayo ndi ya injini imene mukugulayo.

Dzina limodzi limabisa injini zingapo. Premio ndi Allion zilipo za 1.5, za 1.8 ndi za 2.0, ndipo Axio ya 1.5 idasintha injini mu 2015 kuchoka pa 1NZ-FE kupita pa 2NR-FKE m'magalimoto ambiri a giya ya CVT, mtundu wa giya yosintha yokha. Zilipo zina zokoka ndi matayala onse anayi, zimene zidapangidwira madera a chipale a ku Japan, ndipo zimamwa mafuta ochulukirapo popanda phindu lenileni pa phula la mu Harare. Tsegulani boneti kapena chitseko, pezani kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi ndi dzina la injini, ndipo mufufuze pogwiritsa ntchito zimenezo. Ogulitsa ambiri amakopera nambala yabwino koposa ya mtundu wonsewo n'kuimata pa galimoto iliyonse ya dzinalo.

Gawo lachiwiri: kuyeza galimoto yeniyeniyo

Ngati galimoto muli nayo kale, yambani pomwepa. Ngati mukufuna kugula, pemphani mbale wanu, mnzanu wa kutchalitchi kapena wa ku bungwe la maliro amene ali ndi galimoto yofanana kuti muyezere limodzi pa yake, inu muthandizeko pa mafuta. Thanki imodzi imene mungamuthirire ndi yotchipa poyerekeza ndi kukhala zaka zisanu ndi galimoto imene simungaikwanitse.

4. Konzani matayala ndi katundu musanayambe.

Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe. Mlingo woyenera udalembedwa pa kapepala komatidwa pa mzati wa chitseko cha dalaivala, ndipo pa galimoto za ku Japan umalembedwa mu kPa. 230 kPa ndi 2.3 pa geji za bar zimene timagwiritsa ntchito kuno. Tayala lofewa limakoka galimoto m'mbuyo, ndipo mukayeza lili choncho mudzaimba mlandu injini yosalakwa. Tulutsaninso zimene zidangokhalira m'buti, monga zigubu za madzi, batire lakale ndi njerwa zotsekera tayala, kusiya tayala lapadera, jeke ndi zida zofunika pa lamulo.

Musasinthe oyilo, mapulagi kapena fyuluta pakati pa kuyezaku. Ngati nthawi ya sevisi yakwana, chitani sevisiyo kaye kenako muyambe.

5. Onani ngati mita ya makilomita ikunena zoona.

Sitepe imeneyi pafupifupi aliyense amaidumpha. Chifukwa cha maenje ndi mabampu, eni saluni ambiri amaika matayala okulirapo kuti galimoto ikwereko m'mwamba, ndipo tayala lalikulu limayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi, moti mita imawerenga makilomita ochepa kuposa amene mwayendadi. Kuchoka pa 175/65R15 kupita pa 195/65R15 kumasintha kawerengedwe ndi maperesenti pafupifupi 4.

Bwezerani Trip A, kamita ka pa dashibodi kowerenga makilomita a ulendo umodzi, pa ziro, yatsani mapu a pa foni, ndipo yendani mtunda wosachepera makilomita 20 pa msewu wowongoka, monga wopita ku Ruwa kapena ku Norton. Ngati foni ikuti 20.8 pamene mita ikuti 20.0, ndiye kuti makilomita onse amene mudzawerenge pa mita muziwachulukitsa ndi 1.04. Lembani nambala imeneyi pachikuto cha kabuku kanu.

6. Dzadzani thanki koyamba.

Imani pa pampu imodzi, galimoto italoza mbali imodzi, ndipo mukumbukire nambala ya pampuyo. Uzani wothira mafuta kuti athire mpaka mpope udzidule wokha koyamba, asawonjezere ngakhale dontho. Tulukani m'galimoto muime pambali pake, chifukwa chizolowezi chathu muno ndi china: mpope ukangoti "kha", mnyamata amauzula pang'ono, n'kukankha galimoto ndi bondo kuti igwedezeke, n'kuthiranso pang'onopang'ono mpaka nambala ya ndalama ikwane dola yathunthu kuti pasakhale nkhani ya chenji. Amachita zimenezi mwaulemu, koma lita imodzi kapena ziwiri zimene walowetsa m'khosi mwa thanki zikwanira kusokoneza masamu anu onse. Komanso mafuta odzaza mpaka kukamwa amatha kulowa m'kabokosi ka makala kamene kamagwira fungo la petulo, n'kukaononga.

Malita a tsiku loyambali musawawerengere. Ntchito yake ndi kungokupatsani poyambira. Musananyamuke, bwezerani Trip A pa ziro ndipo mulembe tsiku ndi nambala yonse ya pa mita.

7. Yendani monga mwa masiku onse.

Pitani kuntchito, kasiyeni ana kusukulu, pitani ku Mbare Musika Loweruka, imani pa mzere wa magalimoto wa pa Seke Road kapena pa Simon Mazorodze nthawi imene mumaimapo. Ngati mumayatsa AC, yatsani. Munthu akadziwa kuti akuyeza amayamba kuponda mafuta mwaulemu ngati wanyamula mazira, ndipo nambala imene amapeza imakhala ya dalaivala amene adzasowa mwezi wamawa.

Yendani makilomita osachepera 300, kapena mpaka singano itsike kupitirira theka. Mtunda ukachepa, kusiyana kwa theka la lita pa pampu kumasintha yankho kwambiri. M'kabuku muzilemba mwachidule zachilendo zimene zachitika, monga tsiku limene mudanyamula anthu asanu kupita ku maliro ku Epworth kapena limene mudaima ola lathunthu chifukwa maloboti adazima.

8. Dzadzaninso, lembani, gawani.

Bwererani pa pampu yomwe ija, muime momwe mudaimira, ndipo athirenso mpaka mpope udzidule koyamba. Werengani malita pa pampu ndi maso anu kapena tengani risiti. Musawerengetse malita kuchokera pa ndalama zimene mwalipira. Gawani makilomita a pa Trip A ndi malita amene alowa. Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 392 ndipo mwalowa malita 31.4: yankho ndi makilomita 12.5 pa lita, kapena malita 8 pa makilomita 100.

9. Bwerezani mpaka katatu, kenako phatikizani.

Thanki imodzi imatha kunama. Tiyerekeze kuti yachiwiri yapereka makilomita 405 pa malita 33.1, ndipo yachitatu makilomita 378 pa malita 29.5. Phatikizani makilomita onse, amene ndi 1,175, phatikizaninso malita onse, amene ndi 94, ndipo mugawe kamodzi: 12.5. Imeneyi ndiyo nambala ya galimoto yanu mumzinda.

Chenjezo: yesetsani kuti mathanki atatuwo akhale a nyengo imodzi. Petulo wa muno ndi wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, ndipo ZERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, imasintha mlingo wosakanizawo malinga ndi mmene ethanol akupezekera. Umatsika nthawi ya mvula pamene nzimbe sizikudulidwa, n'kukwera mpaka E20, kutanthauza maperesenti 20 a ethanol, nthawi yokolola. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, choncho E20 imakhala ndi mphamvu yochepa ndi maperesenti 6 kapena 7 poyerekeza ndi petulo wosasakaniza amene adayesera ku Japan. Galimoto imene imakupatsani 13 mu Febuluwale n'kukupatsani 12.4 mu Ogasiti mwina sidaonongeke konse. Lembani mlingo wa nthawiyo pamwamba pa tsamba lililonse.

10. Yezani padera ulendo wa pa msewu waukulu.

Nambala ya mumzinda siithandiza pokonzekera ulendo wakumudzi. Dzadzani thanki potuluka mu Harare, pitani ku Marondera kapena ku Chinhoyi n'kubwerera, pa liwiro limene mumayendadi, kenako dzadzaninso. Ulendo wa ku Chinhoyi ndi wabwinopo chifukwa kupita ndi kubwera umapitirira makilomita 200, ndipo kubwerera njira yomweyo kumafafaniza mphamvu ya zitunda ndi mitsetse. Mudzaona kuti saluni ya petulo wamba imachita bwino kwambiri kuno kuposa m'tauni, pamene ya haibulidi imasintha pang'ono chabe, popeza mphamvu yake yopulumutsa mafuta imachokera pa kuimaima ndi kuponda buleki. Mudzaonanso, mukayeza kawiri, kuti kuyenda pa 120 kumamwa mafuta ambiri kuposa pa 90 kapena 100, chifukwa mphepo imene galimoto ikulimbana nayo imakula msanga kuposa liwirolo.

Kwa ife amene kwathu ndi ku Malawi, kutsidya kwa Tete, nambala imeneyi ili ndi ntchito yake. Kuchoka mu Harare kudutsa pa Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka ku Mwanza ndi ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600. Galimoto ya makilomita 15 pa lita ifuna malita 40, ndipo thanki ya Axio ya petulo imalowa malita 42 okha, pamene ya Premio imalowa 60. Onjezanipo masutikesi, mashopu a Khirisimasi, anthu asanu ndi AC yoyaka njira yonse chifukwa cha kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi, ndipo muona kuti wa Axio ayenera kudzadzanso asanawoloke malire kapena kukonzeratu ndalama za ku Mozambique. Pa ulendo wotere chotsaniko gawo limodzi mwa magawo khumi pa nambala imene mudapeza galimoto ili yopepuka.

Gawo lachitatu: kusandutsa nambala kukhala ndalama

11. Werengetsani malita a pa mwezi.

Kuchokera m'kabuku mwadziwa kale makilomita amene mumayenda pa sabata. Tiyerekeze kuti ndi 1,200 pa mwezi, ndipo pongofuna kuphweketsa masamu titi lita ndi $1.50, inu muikepo mtengo umene ZERA yalengeza mwezi umenewo. Galimoto ya 12.5 ifuna malita 96, amene ndi $144. Ya makilomita 9 pa lita ifuna malita 133, amene ndi $200. Kusiyana kwake ndi $56 pa mwezi, $672 pa chaka, ndalama zimene m'nyumba zambiri ndi fizi ya mwana.

Pali chinthu china chimene nambala ya makilomita pa lita imabisa. Pa makilomita 1,000 alionse, kuchoka pa galimoto ya 8 kupita pa ya 10 kumapulumutsa malita 25, pamene kuchoka pa ya 20 kupita pa ya 25 kumapulumutsa malita 10 okha. Maso amaona kukwera kwa 5 ngati kwakukulu kuposa kwa 2, koma thumba limaona mosiyana. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti poyerekeza galimoto ziwiri muzisintha zonse zikhale malita pa makilomita 100. Munthu wosiya Mark X n'kutenga Premio amapindula kwambiri kuposa wosiya Axio ya petulo n'kutenga ya haibulidi.

12. Werengetsani nthawi imene ndalama zowonjezera zidzabwerere.

Tiyerekeze kuti ya haibulidi ikukupatsani makilomita 20 pa lita mumzinda. Pa makilomita 1,200 ifuna malita 60, amene ndi $90, kutanthauza kuti mukupulumutsa $54 pa mwezi poyerekeza ndi ya 12.5 ija. Ngati mtengo wake, kuphatikizapo msonkho wa ZIMRA (bungwe lotolera misonkho) ndi zonyamulira kuchokera ku doko, ukuposa wa inzakeyo ndi $2,000, mudzafunika miyezi 37 kuti ndalamazo zibwerere. Kwa munthu woyenda makilomita 2,500 pa mwezi nthawiyo imatsika kufika pa chaka ndi theka, ndipo haibulidi ndi chisankho chanzeru. Kwa munthu amene galimoto yake imatuluka Lamlungu lokha kupita kutchalitchi, batire lalikulu likhoza kukalamba ndalamazo zisanabwerere.

Musanagule haibulidi, pitani nayo kwa makanika amene ali ndi kompyuta yowerengera batire, aone ngati zigawo zake zonse zikugwira mofanana. Pa Honda Grace funsaninso za giya, chifukwa ya haibulidi ili ndi giya ya makilachi awiri imene sikondwa ndi kukwawa nthawi yaitali pa mzere wa magalimoto, ndipo amakanika oidziwa bwino ndi ochepa poyerekeza ndi odziwa Toyota. Ine ndikadakhala ndi banja la anthu asanu, ulendo umodzi wa ku Malawi pa chaka ndi msewu wafumbi wofika pakhomo, ndikadasankha Premio kapena Allion ya 1.5 kapena 1.8, ngakhale kuti Toyota idasiya kuzipanga mu 2021, chifukwa cha thanki yake yaikulu, malo a miyendo kumbuyo ndi kupezeka kwa zipangizo.

13. Gamulani ngati galimoto ikudwala kapena ayi.

Nambala yanu ya mumzinda ikakhala yotsika poyerekeza ndi ya JC08, musadabwe, chifukwa zonse zimene tatchulazi zikukoka mbali imodzi: mizere ya magalimoto, AC, ethanol, katundu ndi maulendo afupiafupi a m'mawa wa mu Juni pamene injini imafika kuntchito isanatenthe n'komwe. Harare ilinso pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka moti injini yopanda tabo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu ndipo dalaivala amaponda kwambiri kuti apitirire lole. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi chimodzi mwa ziwiri izi: nambala yanu ikusiyana kwambiri ndi ya mnzanu wa galimoto yofanana woyenda misewu yofanana, kapena yatsika mwadzidzidzi pa mathanki awiri otsatizana popanda chimene chasintha.

Zikatero yambani ndi zotchipa. Onani mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya imene fumbi la mu Seputembala limaitseka msanga, ndiponso ngati buleki ina ikugwira yokha, chimene mungachidziwe poyandikitsa dzanja pa limu mutayenda pang'ono n'kumva lina likutentha kuposa anzake. Funsani ngati mu injini muli oyilo woyenera, popeza injini zambiri zatsopano za ku Japan zidapangidwira oyilo wopepuka wa 0W-20. Mapulagi ndi masensa abwere pambuyo, kompyuta itasonyeza.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Cholakwika chofala koposa ndi kuyeza ndi ndalama. Mawu akuti "ya $10 imandifikitsa Lachinayi" sanena kanthu, chifukwa mtengo wa lita umasintha mwezi ndi mwezi ndipo palibe amene akudziwa mafuta amene anali m'thanki $10 isanalowe. Kuyeza ndi singano n'chimodzimodzi. Thanki si bokosi la mbali zofanana, ndipo m'magalimoto ambiri singano imachedwa kuchoka pamwamba kenako n'kuthamanga ikadutsa theka.

Ena amakhulupirira nambala imene imaoneka pa dashibodi. Imathandiza kuona mmene phazi lanu likuchitira, koma nthawi zambiri imakometsera pang'ono, ndipo pa galimoto yongofika kumene imakhala ikusungabe mbiri ya mwini wake wa ku Japan mpaka mutaibwezera pa ziro.

Palinso kuyeza pa ulendo wa mbali imodzi. Wochoka mu Harare kutsikira ku Beitbridge kapena ku Nyamapanda akutsika mamita mazanamazana, ndipo nambala imene adzaitchule pa maliro kapena pa ukwati idzakhala yokoma kuposa imene adzaipeze pobwerera.

Kuchotsa themositati, kachipangizo kothandiza injini kufika ndi kukhala pa kutentha koyenera, ndi chizolowezi chimene amakanika ena adachitengera ku magalimoto akale, poganiza kuti kuno kumatentha ndiye injini izizizira. Injini yamakono ikamayenda yozizira, kompyuta yake imapitiriza kuthira mafuta ochuluka ngati kuti kudakali m'mawa, tsiku lonse. Mukagula galimoto pamanja ndipo singano ya kutentha siifika pakati, kapena kanyali kosonyeza kuti injini ndi yozizira kakuchedwa kuzima, funsani ngati themositati ilimo. Kutenthetsa injini mphindi khumi pakhomo nakonso kumangotentha mafuta pa makilomita ziro. Mphindi imodzi ikwanira, kenako nyamukani mofatsa.

Ambiri amaikanso giya pa N potsetsereka pofuna kupulumutsa mafuta. Injini zamakono zimadula mafuta zokha mukachotsa phazi giya ili mkati, pamene pa N injini imafuna mafuta kuti isazime, ndipo pamwamba pa zimenezo mwataya mphamvu ya injini yothandiza buleki pa mitsetse ngati wa Christmas Pass polowa mu Mutare.

Chomaliza ndi kugula timabotolo ndi timaginito togulitsidwa pa maloboti ndi pa WhatsApp, tolonjeza kudula mafuta ndi theka. Ngati wina wakukakamizani, muuzeni kuti muyesa mathanki atatu musanaike ndi mathanki atatu mutaika, pa pampu yomweyo ndi m'nyengo yomweyo, ndipo kuti ndalama mudzalipira kabuku kakasonyeza kusiyana.